Golf 5 GTI ya remap yayamba kuterereka clutch: mugule iti?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa m'bale wathu wina wa ku Blantyre. Ndaidulako pang'ono kuti isatalike.

"Achimwene, ndili ndi Golf 5 GTI ya magiya osintha ndi dzanja. Ndinaigula ku Johannesburg ataipanga kale remap (kusintha pulogalamu ya kompyuta ya injini kuti mphamvu ichuluke) n'kuikanso downpipe (paipi ya utsi yochokera pa turbo), ndipo pepala la dyno (makina oyezera mphamvu ya galimoto) lomwe anandipatsa likuti torque ndi 370 Nm. Masiku ano ndikaponda moto ndili mu giya 4 kapena 5, injini imangolira koma galimoto sithamanga. Makaniko wanga akuti clutch yatha. Anzanga akuti ndigule ya stage 3 ya 6-puck kuti nkhani itheretu. Galimotoyi ndimapita nayo kuntchito tsiku ndi tsiku, ndipo mayi akunyumba amayendetsanso. Ndigule iti?"

Zikomo achimwene polemba. Ndiyambe ndi yankho, zifukwa zibwera pambuyo: ya 6-puck ija isiyeni. Galimoto yanu ikufuna clutch plate ya organic, yozungulira yonse monga yomwe inabwera nayo, koma yoyendera limodzi ndi pressure plate yofinya kwambiri kuposa ya kufakitale. Kiti yonseyo ikhale yoti eni ake alemba kuti imapirira 450 Nm kapena kuposerapo pang'ono.

Golf 5 GTI inatuluka m'fakitale ndi injini ya 2.0 TFSI yopereka 147 kW ndi 280 Nm. Anyamata akakumana amakonda kutchula nambala yoyambayo, koma clutch siidziwa za kW. Chomwe imamva ndi torque, mphamvu yomwe injini ikupotokolera flywheel, chitsulo chozungulira cha kumbuyo kwa injini chomwe clutch imagwirapo. A Volkswagen anaika clutch yokwanira 280 Nm ndi kotsalako pang'ono. Remap yanu yasanjikizapo 90 Nm, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a zomwe inapangidwira. Komanso turbo ya K03 yomwe ili m'galimotoyi ndi yaing'ono, imadzuka msanga, ndiye mphamvu yonseyo imafika nthawi imodzi injini ikadali cha m'ma 3,000 rpm. N'chifukwa chake vutoli mukuliona mu giya 4 ndi 5. Mu giya 1 ndi 2 injini imadutsa pamenepo mwachangu, ndipo ngati pali chogonja ndi matayala. Mu giya yaikulu injini imakhalitsa pamalo omwewo ikukankha ndi mphamvu zonse, katundu yense n'kugwera pa clutch.

Kuti clutch igwire pamafunika zinthu zitatu: kukula kwa plate, kufinya kwa pressure plate, ndi mtundu wa zomwe amamata pa plate zija zokhudzana ndi flywheel. Kukula simungasinthe, yanu ndi ya 240 mm. Ndiye njira zatsala ziwiri, kuwonjezera kufinya kapena kusintha zomatazo. Anzanu akukulozerani njira yachiwiri.

Plate ya puck m'malo mokhala yozungulira yonse imakhala ndi timapazi tinayi kapena tisanu ndi kamodzi, tomatidwa ceramic yosakaniza ndi zitsulo. Imapirira kutentha koopsa, ndipo ikagwira yagwira. Pa mpikisano, pomwe munthu amanyamuka injini ikukuwa ndipo sasamala za mawa, ndi yabwino zedi. Koma ilibe pakati. Plate ya organic ili ndi timasipuling'i topyapyala pakati pa mbali zake ziwiri, tomwe timachititsa kuti mukamatula phazi pang'onopang'ono nayo izigwira pang'onopang'ono. Zambiri za puck zilibe zimenezi. Taganizani 5 koloko madzulo pa Masauko Chipembere Highway, kuchoka pa Ginnery Corner kulowera ku Limbe, galimoto zikusuntha mamita asanu n'kuima. Nthawi iliyonse ponyamuka galimoto izinjenjemera mpaka dashibodi kumveka, mukachepetsa moto izizima, mukawonjezera izidumpha. Kubwerera m'mbuyo poimika pa chitunda kukhala ntchito yotulutsa thukuta. Mayi akunyumba akuuzani sabata yoyamba kuti galimotoyi muziyendetsa nokha, ndipo adzakhala akunena zoona.

China chomwe ogulitsa satchula n'choti ceramic imadya chitsulo. Flywheel ndi pressure plate zimakumbika msanga, ndipo ikamagwiritsidwa ntchito m'tauni momwe mumaiterereketsa dala ponyamuka, siikhalitsa monga anthu amaganizira. Kugwira kwake kwadzidzidzi nako sikuthera pa clutch: kumapita ku giyabokosi, ku ma CV joint ndi ku ma mounting a injini, pa galimoto yomwe yadutsa kale zaka 15. Kuika puck pa 370 Nm kuli ngati kugula nkhwangwa yoti muzisendera mbatata.

Mawu akuti "stage" aja musawadalire. Palibe bungwe lomwe linakhazikitsa kuti stage 2 kapena stage 3 ndi chiyani. Kampani iliyonse imadzitchulira yokha, moti stage 2 ya uyu itha kuposa stage 3 ya uyo. Funsani zinthu ziwiri basi: imapirira ma Nm angati, ndipo plate yake ndi ya mtundu wanji. Wogulitsa akalephera kuyankha, pitani kwina.

Nambala ya 450 ndaipeza motere. Pa torque yomwe injini ikutulutsa mumawonjezerapo 20 peresenti kuti clutch isamagwire ntchito ili kumapeto kwa mphamvu zake, makamaka ikatentha kapena ikayamba kutha. 370 kuwonjezerapo gawo limenelo ndi 444. Koma taonaninso pepala la dyno lija. Makina ena amalemba mphamvu ya pa matayala, ena ya pa injini, pomwe opanga clutch amatchula ya pa injini. Ngati 370 yanuyo ndi ya pa matayala, injini ikutulutsa zoposa pamenepo, ndiye funani kiti ya cha m'ma 500 Nm. Kupitirira apo kwambiri sikuthandiza. Pressure plate yofinya mopyola muyeso imalemeretsa pedulo, imatopetsa slave cylinder (kachipangizo kokankha clutch mukaponda pedulo), ndipo nthawi iliyonse mukaponda imakankha crankshaft kutsamira pa thrust bearing yake, kachitsulo kakang'ono koti kakatha ndiye kuti injini yonse itseguliwa.

A Sachs, omwe amapanga ma clutch a kufakitale a magalimoto ambiri a ku Germany, ali ndi mtundu wotchedwa Sachs Performance, wa pressure plate yolimbitsidwa ndi plate ya organic, ndipo ndi womwe ambiri a ma GTI a remap amaika. Pedulo imalemerako pang'ono, koma pakatha masiku ochepa phazi limazolowera. Za plate ya Kevlar mudzazimvanso. Imakhalitsa ikasamalidwa, koma imafuna nthawi yaitali kuti ikhazikike, ndipo ikapsa kamodzi imasalala osabwereranso. Ine sindingakulimbikitseni.

Tsopano flywheel, pomwe ndalama zambiri zimatayikira. Yanu ndi ya dual mass: zitsulo ziwiri zolumikizidwa ndi masipuling'i ali m'kati mwa girizi, ntchito yake kumeza kugunda kwa injini kusanafike ku giyabokosi. Nayo imatha, ndipo remap imaifulumizitsa. Tsiku lotsitsa giyabokosi mukakhalepo pa galaja, musangotumiza galimoto. Makaniko akachotsa pressure plate, yang'anani nkhope ya flywheel. Ngati pali mawanga abuluu kapena timing'alu tating'ono, yapsa. Gwirani chitsulo chakunjacho ndi manja awiri muchizunguze uku ndi uku: kusewera pang'ono n'kwabwinobwino, koma chikamayenda mtunda wautali popanda chochibweza, kapena chikamagogoda, masipuling'i atha. Chigwedezeninso cham'mbali, ndipo onani ngati girizi wakuda wamwazikira m'kati mwa bellhousing, chibokosi chomwe clutch imakhalamo. Chimodzi mwa izi chikapezeka, flywheel isinthidwe. Ena adzakuuzani kuti tingoipala pa makina. Flywheel wamba amapaladi, koma ya dual mass opanga ake salola. Ndipo ngati ili yomwe inabwera ndi galimoto, ine ndingasinthe ngakhale ikuoneka bwino, chifukwa ikadzafa pakatha miyezi ingapo mudzalipiranso ntchito yonse yotsitsa giyabokosi, mwina n'kuwononganso clutch yatsopanoyo.

Pali njira yochotseratu dual mass n'kuika flywheel ya chitsulo chimodzi. Ilibe masipuling'i oti n'kutha, ndipo injini imakwera msanga. Mtengo wake ndi phokoso: mukaima pa maloboti giyabokosi imachita kwetekwete, makamaka mukayatsa AC, ndipo mu giya yaikulu pa liwiro lochepa mumamva kunjenjemera. Pa galimoto ya banja ndingakhalebe pa dual mass. Chachikulu apa n'choti musasakanize. Dual mass imayenda ndi plate yopanda masipuling'i akuluakulu a pakatikati pake (osati timasipuling'i topyapyala tija), poti masipuling'iwo ali kale mu flywheel. Ya chitsulo chimodzi imafuna plate ya masipuling'i. Mukaika plate yowuma pa flywheel yowuma, kugunda konse kwa injini kuzifikira pa mano a magiya. Ngakhalenso pa dual mass pomwepo, flywheel ya kampani ya LuK ndi ya Sachs sizilandira pressure plate imodzi nthawi zonse, ndiye ndi bwino kugula flywheel ndi kiti pamodzi kwa munthu mmodzi yemwe watsimikiza kuti n'zogwirizana.

Mukadali pomwepo yang'anani chinyezi. Clutch imatha kuterereka ikadali ndi nyama ngati yanyowa. Oyilo amadontha kuchokera pa seal ya kumbuyo kwa crankshaft, ndipo pa giyabokosi ya 02Q ya galimoto yanuyi slave cylinder ili m'kati, yomangidwa pamodzi ndi release bearing, moti ikaboola brake fluid amagwera pa plate. Mukapanda kutseka podonthapo, clutch yatsopano ipita njira yomweyo. Choncho release bearing ndi slave cylinder yakeyo zisinthidwe popanda kukambirana, seal isinthidwe ngati pali kachinyezi kalikonse, mabawuti a flywheel akhale atsopano chifukwa amatamuka pomanga ndipo sabwerezedwa, kenaka achotse mpweya ndi DOT 4 watsopano.

Poitanitsa katundu ku Johannesburg kapena kwina, tumizani chassis number yonse ndi code ya injini, yomwe pa ma Golf 5 GTI ambiri ndi AXX kapena BWA. Nenaninso kuti ndi manual, poti za DSG, giyabokosi yosintha yokha magiya, ndi nkhani ina. Katundu akafika, nambala yodindidwa pa chitsulo ifanane ndi ya pa bokosi, chifukwa zachinyengo zovala mabokosi a makampani odziwika zilipo.

Mukaika, ipatseni makilomita pafupifupi 800 isanaone mphamvu zonse za turbo. Makilomitawa akhale a m'tauni, onyamuka ndi kuima, chifukwa chomwe chikufunika n'choti plate ikhudzane ndi flywheel kambirimbiri mofatsa mpaka nkhope zawo zigwirizane. Ulendo wa ku Lilongwe ndi kubwerako mu giya 6 suwerengedwa, clutch imangokhala itagwira njira yonse. Pambuyo pake, mukafuna kupitirira lole pa msewu wa Zalewa, tsitsani giya kaye m'malo moponda moto wonse injini ili pa 2,000 rpm, ndipo pa chitunda imani ndi handibuleki, osati ndi phazi la clutch. Ngati mungapeze wodziwa za remap wodalirika, m'pempheni afewetse kabweredwe ka torque m'munsimu. Liwiro la pamwamba simutaya, koma clutch ndi flywheel zimapumako.

Podikira katunduyu, yendetsani mofatsa ndipo musalole iterereke ngakhale kamodzi, poti kutentha kumeneko n'komwe kukuwotcha flywheel yomwe mwina ikanapulumuka. Ndipo ngati mumtima muli ndi maganizo odzaika turbo yokulirapo ya K04 chaka chamawa, ndilembereninso musanalipire chilichonse. Pamenepo torque imadutsa 400 Nm, ndipo masamu a kiti tiyenera kuwachitanso.