Funsani za Kuthambo: Timilalang'amba Timene Tinaleka Kubala Nyenyezi

*Ndinamva kuti kuli mlalang'amba wokhala ndi nyenyezi 1,000 zokha. Kagulu kochepa chonchi mukukatchula bwanji mlalang'amba?* — Wophunzira wa Fomu 4, Dedza

Kamene mukunenako ndi Segue 1. Kali cha ku gulu la nyenyezi la Leo, ndipo kuwala kwake kumatenga zaka pafupifupi 75,000 kuti kutipeze. Nyenyezi zake zonse kuziphatikiza zimangowala ngati madzuwa 300, pamene Milky Way, mlalang'amba wathu, uli ndi nyenyezi zoposa 100 biliyoni. Kamlalang'amba kalikonse kowala mosafika madzuwa 100,000 kamaikidwa m'gulu la timilalang'amba tofookeratu. Toyamba ta m'gululi, Willman 1 ndi Ursa Major I, tinapezeka mu 2005 m'zithunzi za kafukufuku wojambula thambo wotchedwa Sloan Digital Sky Survey.

Chimene chimayesedwa si kuchuluka kwa nyenyezi ayi, koma liwiro lake. Mu Segue 1 nyenyezi zimasiyana liwiro ndi makilomita pafupifupi 4 pa sekondi. Zikanakhala kuti zimangokokana zokhazokha, pa liwiro lotere zikanabalalika kalekale. Kuti zikhalebe pamodzi, pakati pake payenera kukhala chinthu cholemera ngati madzuwa 600,000, chosaoneka, chimene akatswiri amachitcha dark matter. Umboni wina ndi ayironi, chitsulo chimene nyenyezi zimapanga n'kumwaza zikamaphulika. Nyenyezi za m'kagulu wamba zimabadwa nthawi imodzi mumtambo umodzi, choncho ayironi wake amafanana. Mu Segue 1 nyenyezi ina ili ndi ayironi wochuluka kuwirikiza ka 100 kuposa inzake, kusonyeza kuti kanatha kusunga mpweya wake mpaka kubala mibadwo ingapo.

*Ana asukulu anandifunsa chifukwa chake timilalang'amba timeneti tilibe nyenyezi zatsopano. Chinaletsa n'chiyani?* — Mphunzitsi wa sayansi, Zomba

Aphunzitsi, ayambitseni ndi mmene nyenyezi imabadwira. Pamafunika mpweya wa haidrojeni, mphamvu yokoka yousonkhanitsa, ndiponso kuzizira. Mpweya wotentha umatukumuka, sulola kupanikizika. Mitambo imene ikubala nyenyezi mu Milky Way lero imazizira mpaka madigiri 260 pansi pa ziro, chifukwa kaboni, okosijeni ndi fumbi zimaithandiza kutaya kutentha. Pachiyambi zinthu zimenezi kunalibe. Haidrojeni payekha amangoziziritsa mtambo kufika cha m'ma 70 pansi pa ziro, ndiye kamlalang'amba kanayamba kale movutikira, n'kusandutsa kachigawo kochepa chabe ka mpweya wake kukhala nyenyezi.

Zitabadwa zoyambazo, vuto linachokera m'nyumba momwemo. Nyenyezi yolemera kuposa madzuwa 8 siikhalitsa: pakangotha zaka 3 miliyoni mpaka 40 miliyoni imaphulika, ndiye supernova imeneyo. Mu Milky Way mpweya wokankhidwa ndi kuphulikako umakwera n'kubwereranso, popeza kuti chinthu chithawe kuchokera dera lathu lino chimafunika liwiro loposa makilomita 500 pa sekondi. M'kamlalang'amba mphamvu yokoka ndi yofooka kwambiri moti nyenyezi zochepa chabe zikaphulika, mpweya wambiri umatayikira kunja ngati mkaka wowira m'kapoto kosazama.

Mpweya wotayikawo ukanatha kuzizira n'kubwerera. Chimene chinatseka khomo chinachokera kunja. Milalang'amba yoyamba itachuluka, cheza chake champhamvu chosaoneka ndi maso, chotchedwa ultraviolet, chinafalikira paliponse n'kuyamba kuthothola tizigawo totchedwa ma elekitironi ku haidrojeni. Pofika zaka pafupifupi 1 biliyoni chilengedwe chiyambireni, mpweya wa pakati pa milalang'amba unali utatenthedwa kuposa madigiri 10,000. Pa kutentha kumeneko mpweya umayenda makilomita 10 kapena kuposerapo pa sekondi. Yerekezani ndi makilomita 4 a mu Segue 1 aja. Mpweya umene unatsala m'kati unafuka pang'onopang'ono, ndipo watsopano sukanathanso kugweramo.

Mu 2014 gulu lotsogoleredwa ndi Thomas Brown linatulutsa zimene linapeza ndi telesikopu ya Hubble pa timilalang'amba 6: Boötes I, Canes Venatici II, Coma Berenices, Hercules, Leo IV ndi Ursa Major I. Nyenyezi 80 pa 100 zilizonse zinali zitabadwa kale zaka 12.8 biliyoni zapitazo, ndipo pofika zaka 11.6 biliyoni zapitazo kubala kunali kutatheratu. Chilengedwe chili ndi zaka 13.8 biliyoni.

Pali chifukwa china chimene anthu amachithamangira. Milky Way wazunguliridwa ndi mpweya wotentha wopyapyala, ndipo kamlalang'amba kakamadutsamo kamapetedwa ngati mphale m'lichero: nyenyezi, zolemerazo, zimatsala, mpweya n'kuuluka ngati gaga. Zimenezi zimachitikadi, ndipo n'chifukwa chake timilalang'amba ta pafupi ndi Milky Way pafupifupi tonse tilibe mpweya. Koma kwa tofookeratuti ife tikuona kuti lichero linapeza ntchito itatha kale. Timilalang'amba 6 tija tili m'mbali zosiyanasiyana za thambo, sitinayandikire Milky Way nthawi imodzi, komabe tinaleka kubala pa nyengo yofanana. Chotiletsa chinali chinthu chimene chinafika paliponse nthawi imodzi.

*Palibe amene analipo zaka 12 biliyoni zapitazo. Zaka za nyenyezi mumaziwerenga bwanji?* — Wowerenga wa ku Chipata

Bambo, ntchitoyi imatsamira pa mfundo yakuti nyenyezi yolemera imafa msanga. Dzuwa lathu limatha haidrojeni wa pakati pake m'zaka pafupifupi 10 biliyoni. Nyenyezi yolemera magawo 8 pa 10 a dzuwa imapitirira zaka 12 biliyoni.

Amajambula malowo kawiri, ndi sefa ya kuwala kobiriwira ngati thambo ndi sefa ya kuwala kofiira. Pa nyenyezi iliyonse amayeza kuwala ndi mtundu wake, n'kuiika ngati kadontho pa tchati. Nyenyezi zimene zidakali ndi haidrojeni pakati zimandanda mumzere umodzi, zolemera kumtunda, zopepuka kumunsi. Pamene mzerewo wapindikira kumbali yofiira ndi pamene pali nyenyezi zimene haidrojeni wake akungotha kumene. Ngati mzere wapindikira pa nyenyezi za magawo 8 pa 10 a dzuwa, ndipo kumtunda kwake kulibe kadontho, ndiye kuti palibe yabadwa posachedwa. Gulu la Brown linasanjika matchati ake pa tchati cha M92, kagulu kakale kwambiri ka mu Milky Way, ndipo mizere inagwerana pafupifupi ndendende.

Zolakwika n'zambiri. Nyenyezi za Milky Way zimene zili patsogolo zimalowerera m'chithunzi, ndipo zimachuluka kuposa eni malo. Amazichotsa poona mmene zikusunthira, pogwiritsa ntchito miyezo ya setilaiti ya Gaia, popeza eni malo amayendera limodzi. Mtunda ukalakwika pang'ono, zaka nazonso zimalakwika. Nyenyezi yokalamba imafiirira, koma ya ayironi wambiri imafiiriranso, choncho ayironi amayezedwa padera pomwaza kuwala kwa nyenyezi ngati utawaleza pa matelesikopu akuluakulu monga Keck ku Hawaii. Ngakhale zonse zitayenda bwino, njirayi siingasiyanitse bwinobwino zaka zochepera 1 biliyoni pa nyenyezi zakale chonchi.

Chimene chimapusitsa kwambiri ndi nyenyezi zozungulirana ziwiriziwiri. Kuvina kwake kumawonjezera liwiro limene layezedwa, ndipo kagulu wamba kakhoza kuoneka ngati kodzaza dark matter. Mankhwala ake n'kuyeza nyenyezi zomwezo mobwereza kwa chaka kapena kuposerapo. Ursa Major III, kamene kanapezeka mu 2023 kali ndi nyenyezi pafupifupi 60, kakukanganitsabe akatswiri pa chifukwa chomwechi.

*Palibe kamene kanapulumuka? Nanga tingakaone kuno kwathu?* — Wowerenga wa ku Lilongwe

Mayi, opulumuka alipo, koma ndi okulirapo pang'ono ndiponso okhala kutali. Leo T, kamene kanalengezedwa mu 2007, kali pa mtunda wa zaka 1.4 miliyoni za kuwala, kunja kwa lichero la Milky Way. Kali ndi haidrojeni wolemera ngati madzuwa pafupifupi 400,000, woposa nyenyezi zake, ndipo nyenyezi zina n'za zaka 200 miliyoni zokha. Leo P kanapezeka mu 2013 kudzera mu mpweya wake, pamene telesikopu ya wailesi ya Arecibo inamva mafunde a masentimita 21 amene haidrojeni amatulutsa. Kakubalabe, ngakhale mwaulesi: nyenyezi yaikulu yotentha kwambiri imene ikuwalitsa mtambo wake ndi imodzi yokha.

Kuona ndi maso, iwalani. Ngakhale pa chithunzi cha telesikopu yaikulu simuona kanthu kooneka ngati mlalang'amba, mpaka kompyuta itawerenga timadontho n'kupeza kuti penapake tachulukirako pang'ono. Chimene mungathe n'kudziwa mbali yake. Usiku wopanda mwezi mu Disembala, kutali ndi magetsi a m'tauni, yang'anani kumwera mupeze kamtambo koyera kosasuntha ndi mphepo, kamene ndi mlalang'amba woyandikana nafe wotchedwa Large Magellanic Cloud. Chapafupi pake pali Reticulum II, kamene kanapezeka mu 2015 m'zithunzi za kafukufuku wa Dark Energy Survey zojambulidwa ku Chile. Nyenyezi 7 mwa 9 zowala kwambiri za m'menemo zinapezeka zodzaza zitsulo za europium ndi barium, zinthu zosowa kwambiri m'timilalang'amba tinzake. Zikuoneka kuti kunachitika chinthu chimodzi chosachitikachitika, mwina kugundana kwa mitembo iwiri ya nyenyezi yotchedwa neutron star, ndipo zotuluka pamenepo zinasakanikirana ndi mpweya wochepa umene unalipo, nyenyezi zomaliza zisanabadwe.