Achemwali, mnzanuyo sanakutayeni

Mwafunsa ngati ubwenzi wanu wa zaka 20 ukadalipo, popeza chisamukire ku Lilongwe mnzanuyo saimbanso foni kawirikawiri. Ine ndikuti ulipo ndithu, musafulumire kuukumbira manda.

Wanga tinadziwana tili ana ku Chinamwali, ku Zomba, tikupita limodzi kunkhuni kuphiri. Amayi ankati ndife anjira, ndipo chinjira kwathu kuno si macheza chabe: ukagonekedwa m'chipatala mnzako amabwera ndi phala, pamaliro ndiye woyamba kumanga chitenje n'kusonkha moto. Iye anakakwatiwa ku Mzuzu, panapita zaka zitatu osaonana. Koma nyanja ya Chilwa itaphwa mu 2018, geni yanga ya matemba n'kugwa, amene ananditumizira mpamba ndi yemweyo, osafunsa n'komwe kuti ndidzabweza liti. Anzanga amene tinkamwera limodzi tiyi pamsika tsiku ndi tsiku anangoti pepani (sindikuwada, nawonso zinali zitawathina).

Bwenzi la ponda apa nane ndipondepo sitiliyeza ndi mayunitsi, achemwali. Muimbireni inuyo madzulo ano, mwina nayenso akudabwa kuti mwangoti zii bwanji.