Kodi sitima yoyamba ya nthunzi inayambira ku Moatize?

Bambo wina wa ku Ulongue wandilembera imelo. Akuti agogo awo ankathira malasha pamoto wa sitima ku Moatize, ndipo ankakonda kunena kuti injini yoyamba kudera lathu lino inayambira kumeneko. Akufunsa ngati zili zoona.

Pepani bambo, agogo anakometserako pang'ono. Njanji yochoka ku Dona Ana, m'mphepete mwa mtsinje wa Zambezi, kupita ku Moatize, makilomita 254, inatha mu 1949. Apa n'kuti utsi wa sitima utafuka kale kwa zaka zambiri kumunsi kwa Zambezi, ndipo unachokera ku Nyasaland.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 kampani ya njanji ya kumeneko, Shire Highlands Railway, inagula tiinjini tiwiri kwa W. G. Bagnall wa ku Stafford, ku England. Kena anakatcha Thistle, kena Shamrock. Tinali tating'ono, mawilo asanu ndi limodzi basi, thanki ya madzi itagona pamwamba pa boyila ngati mwana wa kumsana. Pansi moto, madzi kuwira, nthunzi n'kumakankha zitsulo zozunguza mawilo. Wothira malasha, ntchito ya agogo anu ija, ndiye anali mtima wa zonse: akangowodzera, sitima yaima pachitunda.

Njanji yawo inalumikiza Port Herald, Nsanje ya lero, ndi Blantyre mu 1908. Mu 1914 inatsika mpaka ku Chindio, m'mphepete mwa Zambezi, ndipo mu 1922 ina yochokera ku Dondo, pafupi ndi doko la Beira, inafika ku Murraça, tsidya linalo. Pakati panali mtsinje. Katundu ankamutsitsa, kumuwolotsa pamadzi, n'kumukwezanso, ndipo Zambezi akasefukira kapena akaphwa kwambiri zonse zinkangoima. Vutoli linatha mu 1935 atatsegula mlatho wa Dona Ana pakati pa Sena ndi Mutarara, wotalika makilomita oposa atatu ndi theka. Pakadapanda mlathowu, malasha a ku Moatize akadafika bwanji ku Beira?

Choncho agogo anu anagwira ntchito pa injini za m'badwo wotsatira. Koma kutsogolo kwa ng'anjo, ndi dzuwa la ku Tete lija, ine sindikadatha n'komwe sabata.

Tiinjini tija tikadalipo. Thistle anamusunga ku Limbe, Shamrock ali ku nyumba yosungirako zinthu zakale ku Chichiri. Kuchoka ku Ulongue, mukangodutsa pa Calomue kulowa ku Dedza, ndi ulendo wa tsiku limodzi. Mutenge ana akaone pomwe wothira malasha ankaima.