Kodi masupuni a agogo ndi siliva weniweni? Tiwerenge zidindo zakumbuyo

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Limbe, ndipo ndiifupikitsa. Agogo awo aamuna anali khukhi pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo nthawi ya atsamunda. Bwana wawo pobwerera kwawo anawasiyira bokosi la masupuni, mafoloko ndi mipeni, ndipo lero bokosilo lili m'manja mwa mayiwa. Kumbuyo kwa mafoloko kuli zilembo EPNS ndi A1, komanso kambendera kosongoka kolembedwa W&H m'kati. Masupuni awiri alembedwa D&A Nevada Silver. Supuni yaikulu yopakulira ili ndi timabokosi tinayi tondondozana ta zilembo zopiringizika zomwe zawakanika kuwerenga. Pa mipeni pali mawu akuti Stainless. Akufuna kudziwa ngati ndi siliva weniweni, zinapangidwa liti, ndiponso ngati zingagulitsidwe ndalama zooneka.

Mayi, zikomo polemba zonse mwatsatanetsatane, mwandipeputsira ntchito. Ndiyambe ndi mbali yosakoma. Mafoloko anuwo si a siliva. EPNS imaimira Electro Plated Nickel Silver, kutanthauza chitsulo chokutidwa ndi siliva pogwiritsa ntchito magetsi. Chitsulo cham'katicho, ngakhale amachitcha nickel silver, mulibe siliva ngakhale kadontho: ndi mkuwa wosakaniza ndi nickel ndi zinc. Siliva ali pamwamba pokha, wopyapyala kuposa pepala. Luso limeneli analilembetsa ndi George ndi Henry Elkington a ku Birmingham mu 1840, ndipo ndi lomwe linachititsa kuti mphunzitsi kapena kalaliki wa ku England nayenso azidyera foloko yonyezimira ngati ya mfumu. A1 ndi kudzichemerera kwa wopanga, kuti iyi anaikuta siliva wochulukirapo kuposa zina zake. Palibe ofesi ya boma yomwe inkayeza zimenezo.

Apa m'pamene pagona nkhani yonse. Ku Britain, siliva weniweni, amene amamutcha sterling, amakhala magawo 925 mwa 1,000, ndipo sadindidwa ndi wopanga yekha. Amapita naye ku ofesi yoyeza, yomwe imadinda zizindikiro zake. Pa siliva wakale wa ku England mupeza kamkango koyenda, katakweza mwendo umodzi wakutsogolo. Pambali pake pali chizindikiro cha mzinda: mutu wa kambuku ndi London, nangula ndi Birmingham, chisoti chachifumu ndi Sheffield mpaka 1974, kenako duwa. Edinburgh ndi nyumba ya malinga, ndipo siliva wakale wa kumeneko mmalo mwa kamkango ali ndi duwa laminga. Pamapeto pamabwera chilembo chimodzi chouza chaka. Zokutidwa siliva sizinkapita kumeneko.

Ndiye opanga zokutidwa anachenjera. Ankadinda timabokosi tinayi kapena tisanu, kukula kwake kofanana ndi zidindo za ofesi yoyeza, ndi zilembo zachikale zopiringizika, kuti mlendo poyang'ana patali pa thebulo aziti pakhomo pano ndi pa anthu olemera. Ena a ku Sheffield ankaikapo ngakhale chisoti chachifumu mpaka anawaletsa cha m'ma 1890. Ndikuganiza kuti supuni yanu yopakulira ndi ya mtundu umenewu. Kawirikawiri mukaziwerenga bwino zilembo zopiringizikazo mumapeza kuti ndi E, P, N, S yomweyo itavala suti, kapena zilembo zoyamba za dzina la kampani. Funani kamkango. Ngati palibe, ndipo supuniyo ndi ya ku England, musadzivutitse.

Kambendera ka W&H ndi ka Walker & Hall a ku Sheffield, kampani yaikulu yomwe inkagulitsa katundu wake m'mahotela, m'sitima zapamadzi ndi m'mayiko onse omwe Britain inkalamulira, choncho sizodabwitsa kuti mafoloko ake anafika ku Thyolo. Vuto ndi lakuti kambenderako anakagwiritsa ntchito zaka zambirimbiri, kuyambira m'ma 1800 mpaka kampaniyo itaphatikizana ndi Mappin & Webb ndi Elkington mu 1963. Pakokha sikangakuuzeni chaka. Owerenga ena omwe ali ndi mabokosi otere, nazi zina zomwe zimapezekapezeka: lipenga lolendewera kansalu ndi James Dixon & Sons, mivi yopingasana ndi William Hutton & Sons, nyenyezi ndi mtanda ndi Joseph Rodgers & Sons, ndipo mawu akuti Prince's Plate ndi a Mappin & Webb.

D&A ndi Daniel & Arter a ku Birmingham. Nevada Silver ndi dzina lamalonda chabe. Ku Nevada, ku America, kunali migodi yotchuka ya siliva, ndiye anabwereka dzinalo kuti likome m'khutu, koma chitsulo chake ndi nickel silver yomwe ija. Mayina ngati Bengal Silver ndi Potosi Silver ndi nyambo yomweyo. Ine lamulo langa ndi ili: supuni yachingerezi ikamakuwa kwambiri kuti Silver, ndimayamba kuikayikira.

Za zaka, mipeni yanu ndi yomwe ikulankhula momveka. Stainless ndi chitsulo chosachita dzimbiri, chomwe anachitulukira ndi Harry Brearley ku Sheffield mu 1913, ndipo mipeni yotere inafala nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha. Ngati mipeniyo inagulidwa limodzi ndi mafoloko, bokosi lanu ndi la m'ma 1920 kapena pambuyo pake, zomwe zikugwirizana ndi nthawi ya agogo. Yang'ananinso ngati pali Rd No. yotsatidwa ndi manambala: kalembedwe kameneka kanayamba mu 1884, pomwe kuyambira 1842 mpaka 1883 ankadinda kachizindikiro kooneka ngati dayamondi ya pa makadi a njuga. Nambalayo imauza chaka chomwe maonekedwewo analembetsedwa, osati chomwe foloko inapangidwa. Mawu akuti England anayamba kuonekera kwambiri kuyambira 1891 chifukwa cha lamulo la ku America lofuna kuti katundu wolowa azilembedwa dziko lomwe wachokera. Nkhani ya manambala imapusitsa ambiri. Wina anandiumirira kuti supuni yake ya 1847 Rogers Bros. inapangidwa mu 1847, pomwe chakacho ndi mbali ya dzina la malonda la ku America.

Ena adzakuuzani kuti muyese ndi maginito. Sizithandiza, chifukwa siliva ndi nickel silver zonse sizikokedwa. Bwino muyang'ane pamsana pa supuni, pomwe imagunda thebulo, ndi kunsonga kwa mano a foloko. Mukaona kachigamba kotuwa kapena kachikasu, siliva watha pamenepo.

Ndalama? Sindikunamizani. Ku Britain mafoloko a EPNS alipo ochuluka, amagulitsidwa m'mitolo m'mashopu a kaunjika. Chomwe chimakwezako mtengo ndi seti yathunthu ya anthu 6 kapena 12, ili m'bokosi lake lenileni, siliva asanasupuke. Kukhala ine sindikanagulitsa.

Ndipo chonde, musazikweche ndi mchenga, phulusa kapena waya wotsukira mapoto. Kukwecha kamodzi kokha kukhoza kuchotsa siliva yemwe wapirira zaka 90. Madzi ofunda, sopo ndi kansalu kofewa zakwana. Mipeni musaiviike m'madzi otentha, chifukwa chogwirira chake chinamatidwa ndi utomoni womwe umafewa, mpeni n'kuyamba kugwedera.

Supuni yopakulira ija mundijambulire. Itsukeni, muigoneke pafupi ndi zenera kuti kuwala kubwere cham'mbali, muzimitse fulashi, ndipo mujambule timabokosi tonse tinayi pafupi kwambiri. Ngati mumtolo wonsewo muli chimodzi chomwe chingatidabwitse, ndi chimenecho.