Mwana wanga akapsa mtima amamenya, ndimuthandize bwanji?

Mayi wina anditumizira imelo, akuti mwana wawo wamwamuna wa zaka 14 akakwiya amamenya zitseko, nthawi zina mpaka mng'ono wake yemwe, ndiye munthu wina wawauza kuti amugulire punching bag, chikwama chomenya ndi zibakera, azitherapo mkwiyo. Akufunsa kuti agule kapena apite naye kwa mlangizi?

Mayi, chikwama chomenyacho musagule ayi. Mu 2002 katswiri wa za maganizo Brad Bushman anachita kafukufuku ku America, anthu okwiya ena anawauza kuti amenye chikwama chotere akuganizira munthu yemwe wawakwiyitsayo, ena anangokhala phee osachita kanthu, ndipo omenya aja ndi amene anatuluka ali aukali kwambiri. Thupi limangozolowera kuti ukakwiya umamenya basi.

Pitani naye kwa mlangizi wodziwa CBT, njira yothandiza munthu kusintha maganizo ndi zochita zake, yomwe katswiri wa za maganizo Raymond Novaco anayamba kuigwiritsa ntchito pa nkhani ya mkwiyo cha m'ma 1970. Mlangiziyo amakhala pansi ndi mwana nkubwerera naye pang'onopang'ono ku tsiku lomwe anamenya lija, chinayamba nchani, mtima unayamba kugunda kwambiri nthawi yanji, chibakera anakunga pati, m'mutu munabwera mawu oti chani. Kawirikawiri mawu ake amakhala oti "akuchitira dala" kapena "akunditenga ngati chitsiru", ndipo apa mpamene pagona ntchito yonse, chifukwa mwana akazindikira zizindikiro zimenezi msanga amatha kuchoka pamalopo, kupuma mozama, nkubwerera mtima utatsika. Amayesereranso ngati sewero, mlangizi amakhala ngati akumuputa, iye nkuyankha ndi pakamwa osati ndi manja, mobwerezabwereza mpaka zilowe.

Koma inunso mulimo mayi, ndipo sindikukuimbani mlandu. Katswiri wina, Gerald Patterson wa ku Oregon ku America, anaonetsa kuti mwana akakuwa kholo nkugonja kuti phokoso lithe, mwanayo amaphunzira kuti ukali umagwira ntchito. Kumumenyanso kumangomuphunzitsa zomwe mukufuna asiyezo. Tsiku lomwe wakwiya koma watuluka panja osamenya munthu, muuzeni pompo kuti "ndaona momwe wadzigwirira, wachita bwino", musadikire mawa.

Mng'ono wakeyo musamusiye yekha naye akapsa mtima. Ndipo ngati wayamba kutola mpeni, kumwa mowa, kusuta chamba kapena kunena zodzipha, musadikire tsiku la mlangizi, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.