Funsani Anamwino: Mutu waching'alang'ala ukufuna kundilanditsa pulomoshoni

Anamwino,

Ndine mayi wa zaka 31, ndimakhala kuno ku Salima ndipo ndimagwira ntchito ku bungwe lina lobwereketsa ndalama kumagulu a amayi. Ntchito yake nde yapanjinga yamoto, lero ku Khombedza mawa ku Chipoka kutolera ngongole padzuwa, madzulo nkubwerera ku ofesi kukalowetsa zonse mu kompyuta. Vuto langa ndi mutu. Umandigwira mbali imodzi kuseri kwa diso, umachita kugunda, nseru mpaka kusanza, kuwala sindifuna nkomwe olo fungo la nsomba zokazinga limandipweteka. Usanayambe pena ndimaona tinthu tong'anima m'maso. Malungo andiyeza kangapo sawapeza, nde Panado ndimangomwa pafupifupi tsiku lililonse kuti ndigwire ntchito. Pano abwana akuti akufuna ndikhale supavaiza koma anzanga ena amati ndimanamizira, ena amati ndi matsire chikhalirecho mowa sindilawa. Apongozi akuti ndi za anthu izi, ena sakukondwa ndi pulomoshoniyo, tipite akanditeme mphini. Ndikane udindowu? Ndimamwanso mapilitsi olera kaya zikukhudzana.

Mayi wodandaula, Salima

Asisi,

Ndiyamba ndi chimene mwachiponya kumapeto ngati chopanda ntchitocho, chifukwa ndi chimene chandidzutsa pampando. Mapilitsi olera aja. Ngati ndi a mahomoni awiri monga Microgynon, ndipo inu mumaona zong'anima mutu usanayambe, pitani ku kulera sabata yomwe ino mukawauze zimenezi ndendende mmene mwandiuzira ine. Mayi amene mutu wake umayamba ndi zong'anima m'maso sayenera kumwa mapilitsi okhala ndi homoni ya estrogen, monga a mahomoni awiriwo, chifukwa amawonjezera chiopsezo cha sitiroko, malangizo a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amaletseratu. Njira zina zilipo zambiri, jakisoni wa Depo, zoika pamkono, lupu, kapena mapilitsi a homoni imodzi, ndipo podikira kusinthako makondomu alipo, musangosiya basi nkudzandilembera mwezi wamawa nkhani ina.

Tsopano mutuwo. Zonse mwatchulazi, mbali imodzi, kugunda, nseru, kudana ndi kuwala ndi fungo, ndi mmene mutu waching'alang'ala umakhalira. Ukagwira umatha kukhala maola 4 mpaka 72 ngati sunathandizidwe, zong'anima zija zimatenga mphindi 5 mpaka ola limodzi kenako mutu nkuyamba. Ndi matenda a muubongo ndi mitsempha, amayenda kumtundu, ndipo padziko lonse pafupifupi munthu mmodzi mwa 7 aliwonse ali nawo, amayi kuchuluka katatu kuposa abambo. Mufunse mayi anu kapena azakhali anu ngati panalibe wina amene ankamanga duku mothina nkukagona mchipinda cha mdima tsiku lonse, nthawi zambiri amapezeka. Apongozi anuwo musakangane nawo, akulankhula chifukwa chokukondani, koma mphini sizichotsa mutu umenewu ndipo lezala lake simudziwa latema angati.

Udindowo musakane. Ndanena poyera. Koma musanaulandire pali chinthu chimodzi chofunika kukonza, ndipo si abwana anu kapena anzanu amiseche aja ayi, ndi Panado amene mukumwa ngati mtedzayo.

Anthu ambiri sadziwa kuti mankhwala opha ululu akachuluka amayambitsa mutu wawo pawokha. Munthu wa mutu waching'alang'ala akamamwa Panado, Brufen kapena aspirin masiku 15 kapena kuposa pamwezi kwa miyezi yopitirira 3, thupi limazolowera, mankhwala akangotha mphamvu mutu ukubwerera, iye nkumwanso, mutu umene unkabwera kawiri pamwezi uja nkusanduka wa tsiku ndi tsiku. Mapilitsi osakaniza ndi caffeine kapena codeine nde amachita zimenezi msanga, masiku 10 okha pamwezi akwana. Ndikukayika kuti inu muli kale mmenemo. Kutulukamo nkusiya kumwa kwa tsiku ndi tsikuko, ndipo ndisakunamizeni, sabata yoyamba kapena ziwiri mutu umakula kaye kenako nkuyamba kutsika, nde muchite mogwirizana ndi achipatala ndipo musasankhe kumapeto kwa mwezi pamene malipoti akufunika.

Mukapita kuchipatala, kaya pa Salima District Hospital kaya kwina kumene mumapita, musangoti "mutu ukundiwawa" chifukwa pamzere wautali uja akuyezani malungo, akupatsani Panado yemweyo, mwabwerako. Tengani kope la ana asukulu, tsiku lililonse mutu wagwira lembani deti, nthawi imene wayamba, maola amene watenga, munadya nthawi yanji, munagona bwanji, munali kumwezi kapena ayi, mwamwa mapilitsi angati. Mwezi umodzi kapena iwiri kopelo likhala likulankhula lokha. Mukamuonetsa dokotala kapena kiliniko ofesa amaona msanga kuti apa mpofunika mankhwala oteteza, omwe mumamwa tsiku lililonse kuti mutu uzibwera patalipatali. Odziwika ndi amitriptyline, womwa usiku chifukwa amagonetsa komanso amaumitsa kukamwa, ndi propranolol amene munthu wa mphumu sayenera kumwa. Sagwira lero ndi lero, apatseni miyezi iwiri kapena itatu musanagamule kuti ngachabe. Pali wina sodium valproate, ameneyo kwa mayi amene angathe kutenga mimba ayi, amavulaza mwana m'mimba. Wa nthawi imene mutu wagwira kale ndi sumatriptan, WHO inamuika pa mndandanda wa mankhwala ofunika mu 2021, mufunse ngati angakulembereni, koma wa BP yokwera kapena vuto la mtima sayenera. Ndipo chilichonse chimene mukumwa mutu ukagwira, imwani ukangoyamba, osati kupirira mpaka masanzi chifukwa nthawi imeneyo m'mimba mwaima kale mankhwala salowa bwino.

Chofunikanso kwambiri, apempheni alembe dzina la matendawa m'buku lanu la kuchipatala. Pepala limenelo ndi limene limatseka pakamwa pa anthu a matsire aja.

Ku ntchitoko pitani kwa abwana tsiku limene muli bwinobwino, osati mutagwira mutu maso ali psuu. Anthu amalakwitsa pamenepa, amabisa mpaka tsiku limene akusanza kuseri kwa ofesi nde bwana amangoona munthu wosadalirika. Inu kanene kuti bwana, ndili ndi matenda awa, umboni ndi uwu, akandigwira ndimafunika maola angapo pamdima, ntchito yanga ndiziimaliza chonchi, amene angandigwirire ndi uje. Bwana amene wakusankhani kale kukhala supavaiza akudziwa ntchito yanu, chimene amaopa ndi kudzidzimutsidwa basi. Lamulo nalo lili kumbali yanu, Employment Act ya 2000 imati munthu amene wagwira ntchito miyezi 12 mosalekeza ali ndi ufulu wa tchuthi chodwala masabata 4 pamalipiro onse ndi masabata 8 patheka la malipiro chaka chilichonse, bola akhale ndi kalata ya dokotala, ndipo kujomba kwakanthawi chifukwa cha matenda si chifukwa chovomerezeka chochotsera munthu ntchito. Zikavuta ofesi ya leba ili pa boma pomwepo. Sindikuti mukayambe ndi kuwawerengera malamulo abwanawo ayi, ingodziwani mumtima.

Komanso taganizani, ntchito imene muli nayo panoyi ndi imene ikukuzunzani kwambiri. Kutentha kwa ku Salima mu Okutobala ndi Novembala mukukudziwa, inu muli pa njinga helemeti kumutu, kunyezimira kwa msewu ndi mchenga kukulasa m'maso, mwanyamuka mmawa ndi tiyi yekha, amayi a gulu achedwa kusonkhana nde nsima mukuidya 4 koloko, madzi mukuopa kumwa chifukwa kumudzi kwa eni chimbudzi nchovuta kupempha. Njala, ludzu, dzuwa, kugona mosinthasintha, zonsezi ndi zodziwika poutsa mutuwu. Supavaiza amakhala ndi mphamvu yokonza yekha pulogalamu, maulendo akumudzi mmamawa kusanatenthe, za muofesi masana. Zake zovuta ziliponso, sikilini maola ambiri ndi mpanipani wa matageti, nde chepetsani kuwala kwa kompyuta, desiki isayang'ane pawindo, muzidzuka pakapita kanthawi. M'chikwama musasowe botolo la madzi, nthochi kapena chitumbuwa, ndi magalasi akuda. Loweruka musagone mpaka 10 koloko poti mukubweza tulo, ambiri mutu umawagwira pa wikendi chifukwa cha zomwezo. Kope lija likakuonetsani kuti umabwera masiku awiri musanayambe kumwezi, misonkhano ikuluikulu muziizembetsa masiku amenewo, palibe amene afunika kudziwa chifukwa chake.

Koma kuno kunyanja malungo ndi ambiri, nde musazolowere kuti mutu uliwonse ndi womwe uja. Mutu wobwera ndi kutentha thupi kayezetseni. Wouma nawo khosi, wogwa mwadzidzidzi mwamphamvu kuposa wina uliwonse munamvapo, wobwera ndi kufooka mbali imodzi, kupotoka pakamwa, kukomoka, kapena mutu waukulu muli oyembekezera, umenewo si wogona nawo pamdima, thamangani kuchipatala usiku womwewo.

Anamwino,

Ndimayendetsa lole ya mzimbe kuno ku Dwangwa, mashifiti ena ausiku. Pena ndili pa sitiyaringi ndimaona mizere yowala mbali imodzi ya maso kenako mutu. Ndikuopa kunena angandichotse. Ndine bambo wa ana anayi.

Dalaivala, Nkhotakota

Achimwene,

Mizere ikangoyamba imikani lole pambali, yatsani mahazadi, dikirani mpaka maso abwerere mwakale, nthawi zambiri sizipitirira ola. Pamsewu wa M5 pali ana asukulu ndi akabaza, inu mukuona theka la msewu ndi katundu wolemera chonchija, ayi ndithu. Kaonaneni ndi achipatala akuyezeni maso ndi BP, atsimikize kuti ndi mutu waching'alang'ala osati china, ndipo muwauze kuti ndinu dalaivala chifukwa amitriptyline amagonetsa, angakusankhireni wina. Ngati mumasuta fodya siyani, fodya ndi mutu wa zong'animawu akaphatikizana chiopsezo cha sitiroko chimakwera. Kusinthasintha shifiti ndi kumene kukuutsa kwambiri, nde mukatenga kalata ya dokotala kapempheni akuikeni pa shifiti imodzi yokhazikika, makamaka ya masana. Mukapite ndi mtsogoleri wa bungwe la apantchito ngati muli membala, musalowe muofesimo nokha.