Kukoka munthu wongoyamba kumene wakeboard

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake mng'ono wanu akumagwa chafufumimba nthawi iliyonse mukayamba kumukoka ndi boti pa wakeboard, bolodi lomwe munthu amaimapo n'kumatsetsereka pamwamba pa madzi. Ine ndikuganiza kuti vuto lili pa dzanja lanu loyendetsa kusiyana ndi miyendo yake. Ambiri timaponda moto nthawi imodzi, ndiye chingwe chimamusomphola m'manja kapena kumugwetsera kutsogolo. Yambani mwakachetechete mpaka chingwe chikungike, akakuwa kuti wakonzeka muwonjezere mphamvu mofatsa. Kwa wongoyamba, makilomita 25 mpaka 30 pa ola akukwana, ndipo chingwe chikhale chachifupi, mamita 15 mpaka 18.

Iyeyo akhale m'madzi ngati wanjuta, mawondo afike pachifuwa, manja awongoke, bolodi litapingasa kutsogolo kwake. Asamadzikoke yekha, boti ndilo limudzutse. Mwana wa mlongo wanga anagwa kasanu ndi kawiri tsiku loyamba. Titamuuza kuti asiye kupinda zigongono, anaimirira ulendo womwewo, madzi akuchucha m'mphuno, akukuwa ndi chimwemwe.

Poti kuno ku Blantyre tilibe nyanja, mukapita ku Mangochi kapena ku Cape Maclear muziyamba m'mamawa madzi ali bata, makamaka nyengo ya mwera, Juni mpaka Ogasiti. Talikirani maukonde ndi mabwato a asodzi. M'botimo mukhale wina woyang'ana kumbuyo nthawi zonse, ndipo wokokedwayo avale jekete loyandamitsa, chonde musanyengerere pamenepa. Akagwa, mubwerere pang'onopang'ono iye ali mbali yomwe mukumuona bwino, ndipo muzimitse injini asanayandikire kuti akwere.